Ma stream ogula sagula tikiti

Kuyambira mu April 2024, pomwe Spotify, kampani yomvererapo nyimbo pa intaneti, inayamba kutsatira malamulo ake atsopano olipirira oyimba, mkangano wa kugula ma stream (nambala yosonyeza kuti nyimbo yamvedwa kangati) sukuzirala pakati pa oyimba odziyimira paokha. Lamulo lomwe linautsa mapiri pachigwa ndi lakuti nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 m'miyezi 12 yapitayo siilandiranso kanthu pogawa ndalama. Ogulitsa manambala anaona msika pomwepo. Aliyense amene anaikapo nyimbo pa intaneti amawadziwa mauthenga awo. Amayamba n'kukutamanda kuti nyimbo yako ndi moto, kenako amakudandaulira kuti ikungosowa woikankha, ndiye pomaliza mitengo: ma stream 5,000 mwakuti, 20,000 mwakuti, mukatenga 100,000 tikuchotserani. Pamasamba a mchezo oyimba agawanika. Ena akuti uku n'kuba, ena akuti ndi bizinesi basi, ndipo pali gulu lachitatu, lomwe ndikuliganizira kuti ndilo lalikulu, lotsutsa masana n'kumafunsa mitengo usiku. Ine mbali yanga ndi iyi: woyimba wodziyimira payekha asagule ma stream, ngakhale ochepa oti angoyambirapo. Ndalama zomwe ma stream abodza amabweretsa zimachoka m'thumba la oyimba anzake, ndipo choopsa kwambiri kwa mwiniwakeyo n'chakuti manambala ogula amamuphimba m'maso kuti asaonenso anthu enieni omwe amakonda nyimbo zake, chonsecho chuma cha woyimba wopanda kampani kumbuyo kwake ndi anthu amenewo basi.

Tisanamve otsutsa, tigwirizane kaye kuti chikugulidwacho n'chiyani. Pa Spotify nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa ikangolira masekondi 30. Wogulitsa ma stream amakhala ndi maakaunti ankhaninkhani, ena otsegula yekha, ena olanda kwa anthu omwe anaberedwa ma password, ndipo amawayendetsa ndi pulogalamu ya pakompyuta kapena ndi mafoni otchipa ondanda pa mashelefu, onse ali pa chaja, akuliza nyimbo usana ndi usiku m'chipinda mopanda womvera. Ena ochenjerako amabisa zomwezi mu playlist. Amakuuza kuti ali ndi playlist yotsatiridwa ndi anthu 50,000, ukalipira amaikamo nyimbo yako, koma otsatirawo ndi makina omwe aja. Kaya njira ndi iti, palibe khutu la munthu lomwe lamva nyimboyo. Wogula walandira nambala yolembedwa pafupi ndi dzina la nyimbo, ndipo mkangano wonsewu ndi woti nambalayo ingamuthandize kapena ayi.

Mfundo yoyamba ya otsutsa, yomwenso ndi yolemera kuposa zinzake, ndi yakuti anthu amatsata anthu. Munthu akaona nyimbo ili ndi ma stream 300 amaidutsa, akaona 300,000 amadina kuti amve chomwe anzake akumva. Spotify yomweyo sionetsa n'komwe nambala yeniyeni ya nyimbo yosakwana 1,000, ngati kuti ikuchita nayo manyazi. Choncho, akutero iwo, ma stream ogula ndi nyambo chabe yokopera omvera enieni, ndipo enieniwo akabwera abodza aja sadzafunikanso. Ndivomere kuti njirayi siyachilendo. Pa depoti, minibasi ikakhala mbee, oitanira amakhazikamo anyamata atatu kapena anayi kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzaza, ndipo okwera enieni akamalowa anyamata aja amatsika mmodzimmodzi, wina ngati akukagula madzi, wina ngati akuyankha foni. Imagwira ntchito ndithu. Koma imagwira chifukwa wopusitsidwayo ndi munthu wongosuzumira pawindo n'kuwerenga mitu. Pa Spotify woitanira wamkulu ndi makina a kampaniyo, omwe amasankha nyimbo zoika mu Discover Weekly, mu Radio ndi m'malo ena momwe anthu amapezera nyimbo zatsopano, ndipo makinawa samangowerenga mitu. Amayang'ana kuti wamverayo ndani, amamveranso nyimbo za yani, nyimboyo waimaliza kapena waidumpha, waisunga, wabwereranso mawa lake. Akapeza mayankho amapita kukafuna anthu ena ofanana ndi amenewo.

Tsono taganizani chomwe makinawo amaona nyimbo ikagulidwira ma stream. Akaunti ya bot, yoyendetsedwa ndi makina osati munthu, ilibe nyimbo ya kumtima kwake, imaliza chilichonse chomwe makasitomala a tsikulo alipirira: yauzimu ya ku Brazil, rap ya ku Germany, phokoso la mvula logonekera ana, kenako nyimbo yanu ya chikondi ya Chichewa. Makina amalemba kuti okonda nyimbo yanu ndi okonda zimenezo, ndipo pansi pa dzina lanu, pamalo paja posonyeza oyimba ofanana nanu, pamabwera mayina a anthu omwe simunawamvepo. Komanso bot sisunga nyimbo, sitsatira woyimba, sibwerera. Oda ikatha, mzere wosonyeza ma stream womwe unakwera tsiku limodzi umagwanso tsiku limodzi. Chotsala m'kaundula n'chakuti nyimboyi inalizidwa ka 20,000 ndipo palibe ngakhale mmodzi anaifunanso. Mwa njira ina, woyimba watulutsa ndalama zake kuti auze makina a Spotify kuti nyimbo yake siikondedwa. Ndipo izi zili choncho ngati sanagwidwe, chifukwa akagwidwa kampaniyo imachotsa ma stream-wo pa nambala yoonekera, osalipira kanthu.

Apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa n'zomwe ogulitsa aja satchula. Woyimba wopanda kampani alibe ofesi yofufuza msika, alibe munthu woyenda m'mizinda kumufunsira kuti nyimbo zake zikumveka kuti. Ali ndi foni yake ndi tsamba la Spotify for Artists, la YouTube Studio, la Audiomack kapena la Boomplay, ndipo masambawa amamuuza kwaulere zinthu zomwe oyimba a nthawi ya makaseti sankazilota n'komwe: mizinda yomwe omvera ali, zaka zawo, nyimbo yomwe akuibwereza, komwe aipeza. Mtsikana woyimba wa ku Ndirande akaona kuti ali ndi omvera 400 okha, koma 60 mwa iwo ali ku Johannesburg, 30 ku Cape Town, ena ku Lusaka, wadziwa chinthu chogwirika. Wadziwa kuti abale athu okhala ku Joni akumumvera, wadziwa wokonza shoo woyenera kumulembera, wadziwa komwe angalozetse kandalama kake kotsatsira. Akaona kuti pa nyimbo zisanu imodzi ikusungidwa kwambiri kuposa zinzake, wadziwa yoti aijambulire vidiyo, ndipo pa mitengo ya masiku ano vidiyo imodzi yolakwika ikhoza kumudyera ndalama za chaka. Manambala ang'onoang'onowa ndi owawa kuwayang'ana, koma ndi oona. Akangothirapo ma stream ogula 20,000, mizinda yapamwamba pa tsamba lake imasanduka Helsinki kapena Frankfurt, komwe kuli nyumba zikuluzikulu za makompyuta, ndipo anthu 60 a ku Johannesburg aja amamira osaonekanso. Kuyambira pamenepo akuyenda mumdima. Sangadziwe ngati nyimbo yatsopano yachita bwino kuposa yakale, ndipo popeza yatsopanoyo ikayamba ndi manambala oona idzaoneka ngati yagwa, adzaigulira nayonso. Ogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake oda yoyamba amaitchipitsa.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti okonza mashoo, makampani ofuna akazembe a katundu wawo ndi atolankhani amayang'ana manambala, ndiye wopanda manambala satsegulidwira khomo. Mbali ina n'zoona, ndipo ndibwererako kwa anthu amenewa. Koma tikumbukire komwe ndalama za woyimba wa ku Malawi zimachokera. Spotify inafika kuno mu February 2021, ndipo mpaka lero anthu ambiri amamvera nyimbo zotumizirana pa WhatsApp, zowotchetsa pa memory card kumsika, za pawailesi, ndi pa YouTube bandulo ikalola. Ndalama zenizeni zili pakhomo la shoo, ku maukwati, ku maphwando a makampani ndi ku COSOMA, bungwe lotolerera eni nyimbo ndalama za nyimbo zawo. Wokonza shoo ku Robin's Park kapena ku BICC amalipira holo, zokuzira mawu, achitetezo ndi zotsatsa asanagulitse tikiti ngakhale imodzi. Mukamupusitsa ndi manambala, mumupusitsa kamodzi. Usiku womwewo aona yekha kuti woyimba wa ma stream theka la miliyoni wakwera pa siteji anthu n'kupita kukagula zakumwa, ndipo dziko lathu ndi laling'ono, pofika Lolemba okonza mashoo onse amva. Ngakhale shoo isanafike, chinyengocho chimaonekera kwa aliyense wofatsa: vidiyo ya ma views 200,000 yokhala ndi makomenti khumi ndi limodzi, onse a Chingerezi chofanana, palibe ngakhale mmodzi wolemba kuti «koma mwaimbatu achemwali» kapena wotukwana kumene. Yerekezani ndi zomwe zinachitikira agogo Giddes Chalamanda, omwe nyimbo yawo inafalikira dziko lonse lapansi pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90. Umboni wake sunali nambala yokha, unali mavidiyo a anthu a m'mayiko akutali akuvina n'kumayesa kutchula mawu omwe sankawamva tanthauzo. Bot singachite zimenezo.

Mfundo yachitatu imanenedwa ndi mkwiyo, ndipo mkwiyowo ndimaumvetsa. Akuti Spotify ndi kampani yolemera yomwe imalipira oyimba nyenyeswa, ndiye kuipusitsa pang'ono si tchimo, palibe wovulala. Vuto n'lakuti ndalamazo sizichoka ku Spotify. Kampaniyo silipira mtengo wokhazikika pa stream iliyonse. Imatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama zomwe yapeza kwa olipira pamwezi ndi kwa otsatsa malonda, n'kuziika m'thumba limodzi m'dziko lililonse, kenako imagawira eni nyimbo malinga ndi gawo la ma stream omwe aliyense wapeza mwezi umenewo. Ma stream abodza akachuluka, gawo la Spotify silisintha, chomwe chimachepa ndi mtengo wa stream ya wina aliyense. Wovulala ndi woyimba mnzanu yemwe ma stream ake ndi a anthu. Ndipo si nkhani ya makobiri. Bungwe la boma la France loona za nyimbo, Centre national de la musique, linatulutsa lipoti mu January 2023 losonyeza kuti m'chaka cha 2021 chokha, m'dzikomo munali ma stream abodza pakati pa 1 biliyoni ndi 3 biliyoni, ndipo amenewo ndi okhawo omwe anagwidwa. Mu March 2024 khothi la ku Aarhus, m'dziko la Denmark, linapeza bambo wina wolakwa pa mlandu wopeza ndalama za m'dzikomo zosachepera 2 miliyoni kroner kudzera m'ma stream abodza. Mu September chaka chomwecho, boma la America linatsegulira mlandu Michael Smith wa ku North Carolina, ponena kuti anapanga nyimbo mazana a masauzande ndi AI, makompyuta otha kupeka okha, n'kumaziliza ndi ma bot mpaka kutolera madola oposa 10 miliyoni. Ndikudziwa kuti mnyamata wogula ma stream 10,000 kuti anzake amupatse ulemu sali pa mlingo umenewo. Koma makina omwe akulipirawo ndi amtundu womwewo, ndipo ndalama zake ndi zomwe zimagula mafoni ena oonjezera pa shelefu paja.

Kenako pamabwera mfundo yoti akuluakulu nawonso amachita, nanga ife tilakwa chiyani. Pano sinditsutsa kuti msika wa nyimbo ndi wodetsedwa kuyambira kale. Ku America nkhani ya ziphuphu zopatsa ma DJ inafika mpaka ku nyumba ya malamulo, ndipo mu 1960 anakhwimitsa lamulo lokakamiza wailesi kuulula ngati yalipidwa kuti ilize nyimbo. DJ wotchuka Alan Freed anathera pomwepo. Mu 2005 kampani ya Sony BMG inavomera kulipira madola 10 miliyoni ku New York pa nkhani yomweyo. Mu 2019 YouTube inasiya kuwerengera ma views obwera ndi malonda olipira pa matchati ake a nyimbo, itaona kuti makampani akuthyola marekodi a tsiku loyamba ndi ndalama. Spotify nayo ili ndi Discovery Mode, momwe woyimba amalola kudulidwa 30 peresenti ya ndalama za ma stream ena kuti makina amukankhe, ndipo ambiri amati chimenechi n'chiphuphu chongovala tayi. Kuno kwathunso palibe woyimba wosadziwa mawu aja akuti «tiganizireniko ya fanta» nyimbo isanalire pawailesi. Zonsezi n'zoona. Koma taonani kusiyana kuwiri. Koyamba, chiphuphu cha pawailesi, ngakhale n'choipa, chimafikitsa nyimbo m'makutu a anthu, omwe akhoza kuikonda kapena kuikana. Ma stream ogula safikitsa nyimbo kulikonse. Kachiwiri, chilango sichigwa mofanana. Kampani yaikulu ili ndi maloya, ili ndi nyimbo masauzande, ili ndi munthu woti aimbe foni ku Spotify. Inu muli ndi akaunti imodzi ku DistroKid, TuneCore kapena CD Baby. Kuyambira 2024 Spotify imalipitsa makampani ofalitsa nyimbowa chindapusa, chomwe chimamveka kuti ndi mayuro 10 pa nyimbo iliyonse yogwidwa ndi chinyengo choonekeratu, ndipo iwo amachikankhira kwa woyimba. Akhozanso kuchotsa nyimbo, kugwira ndalama zomwe zinali kubwera, ngakhale kutseka akaunti yonse. Chiyambire June 2023 ambiri mwa makampaniwa ali m'gulu limodzi la Music Fights Fraud Alliance, lomwe cholinga chake n'kugawana mbiri ya achinyengo, choncho kuthawira ku kampani ina sikophwekanso ngati kale. Nyimbo ikachotsedwa, ma link onse omwe munamwaza pa WhatsApp ndi pa Facebook amafa, pamodzi ndi malo omwe inapeza m'ma playlist a anthu enieni.

Za lamulo la ma stream 1,000 ndinena mwachidule. Ndi lamulo lokondera, ndipo oyimba ang'onoang'ono ali ndi chifukwa chokwiyira, popeza ndalama zawo zikupita kwa omwe ali nazo kale. Koma kugula kuti mudutse mzerewo ndi masamu olakwika. Ma stream 1,000 a m'mayiko olemera amabweretsa madola atatu kapena anayi, a kuno amabweretsa ochepera apo, ndipo Spotify inanena yokha kuti nyimbo zosafika mzerewo zinkapeza pafupifupi masenti atatu pamwezi. Kuonjezera apo, lamulolo limafunanso chiwerengero china cha omvera osiyanasiyana, chomwe kampaniyo siiulula dala pofuna kutchinga ma bot. Munthu asake madola movutikira chonchi, aike chimbale chake chonse pachiswe, kuti apeze ndalama zosakwana n'kubwezera zomwe walipira?

Funso lomwe limandisangalatsa kwambiri ndi la anthu oganiza mofatsa. Amati, ngati kulipira Facebook kapena YouTube kuti aonetse nyimbo yanga n'kololedwa, kulipira munthu kuti andibweretsere ma stream kwasiyana pati, si ndalama zonsezo? Kusiyana kwake n'kwakuti m'malonda enieni munthu amakhala ndi ufulu wokana. Mumalipira kuti kachidutswa ka nyimbo yanu kaonekere kwa mayi wa ku Area 25 yemwe akuyendetsa chala pafoni, ndipo iye akhoza kudutsa, akhoza kuima, akhoza kudina. Akadutsa anthu ambiri, mwaphunzira kuti kachidutswako sikakugwira, musinthe. Ndalama yapita koma mwatsala ndi nzeru. N'chifukwa chake wotsatsa woona sangakulonjezeni nambala, chifukwa sadziwa chomwe anthu asankhe. Aliyense wonena kuti «ma stream 10,000 m'masiku asanu, otsimikizika» wakuuzani kale kuti omverawo alibe ufulu wokana, kutanthauza kuti si anthu. Ngakhale atalumbira kuti ake ndi a anthu enieni, mawu oti otsimikizika okhawo akwanira. Pakati pa ziwirizi pali malo amdima, makamaka eni ma playlist olipiritsa. Masamba ngati SubmitHub amalipiritsa kuti mwini playlist amvere nyimbo n'kuyankha, ndipo akhoza kuikana. Zimenezo ndingazilolere, ngakhale phindu lake ndimalikayikira. Koma wolipiritsa malo enieniwo, woti mukatumiza ndalama nyimbo ilowa asanaimve n'komwe, akuswa malamulo a Spotify, ndipo nthawi zambiri playlist yake ndi munda wa ma bot.

Pano pali dandaulo lina lomwe ndiyenera kulivomereza lonse, chifukwa ndi lachilungamo. Alipo oyimba omwe alangidwa osalakwa. Eni ma playlist abodza amatolera nyimbo za anthu osawafunsa n'kuziikamo kuti playlist ioneke yeniyeni, kapena kuti woyimbayo aone manambala akukwera n'kubwera yekha kudzagula. Alipo ena omwe analipira munthu wodzitcha katswiri wotsatsa ali ndi chikhulupiriro chonse, osadziwa kuti iye akungokagula ma bot. Ndipo palibe choletsa munthu wanjiru kugulira mnzake ma stream dala kuti achotsedwe. Makampani ofalitsa nyimbo nthawi zambiri amalanga kaye, kufotokoza pambuyo, mwinanso osafotokoza n'komwe, ndipo woyimba wa kuno wolemba imelo ku kampani ya ku America amayankhidwa ndi makina. Zimenezi ziyenera kusintha. Wolangidwa aonetsedwe umboni, apatsidwe mpata wodziteteza pamaso pa munthu. Koma dandaulo limeneli silithandiza ogula, likuwatsutsa. Msika wa ma playlist abodza ulipo chifukwa alipo olipira, ndipo makampani afika pokwapula aliyense chifukwa olakwa enieni achuluka. Kwa wosalakwa, chitetezo chomwe chilipo n'kumayang'ana tsamba lake sabata iliyonse, ndipo akaona ma stream akwera mwadzidzidzi kuchokera ku playlist yosadziwika ndi mzinda wosamveka, ajambule chithunzi, auze kampani yake yofalitsa ndi Spotify asanamufunse. Wogula sangachite zimenezi, chifukwa angakhale akudzinenera yekha.

Yatsala mfundo yomwe siili mfundo kwenikweni, ndi kutopa. Tsiku lililonse nyimbo zatsopano pafupifupi 100,000 zimalowa m'masamba omvererapo nyimbo padziko lonse, ndipo pa Deezer gawo lalikulu ndithu la zatsopanozo tsopano ndi zopangidwa ndi AI. Munthu wagulitsa foni kuti alipire situdiyo, wakongola ya vidiyo, watulutsa nyimbo yomwe akuidziwa mumtima kuti ndi yabwino, sabata yatha, ma stream 84, theka ndi a iye mwini ndi mlongo wake. Ndiye wina akumuuza kuti adekhe. Sindinama kuti pali njira yotsimikizika, nyimbo zambiri zabwino zimafa osamveka, ndipo zinali choncho ngakhale nthawi ya makaseti. Chomwe ndinganene n'chakuti ndalama yomweyo ili ndi kopita komwe mwina ingabale. Kupereka nyimbo kwa osankha ma playlist a Spotify kudzera pa Spotify for Artists n'kwaulere, bola ichitike masiku osachepera asanu ndi awiri nyimbo isanatuluke, ndipo kumathandizanso kuti ifike mu Release Radar, playlist ya nyimbo zatsopano ya okutsatirani. N'zodabwitsa kuti oyimba ambiri amadumpha chaulerechi n'kuthamangira cholipira. Kulembetsa nyimbo ku COSOMA kumatsegula ndalama za pawailesi ndi malo ena zomwe ma bot sangabweretse. Ndalama ya ma stream 20,000 ikhoza kukhala thiransipoti yopitira ku wailesi za m'madera zomwe zimasowa alendo, kapena bandulo ya achinyamata ovina bwino kuti ajambule kavidiyo, kapena yolipirira woyimba gitala kuti mukayimbe ku koleji Lachisanu. Gulu la pa WhatsApp la anthu 150 omwe anakuonani mukuyimba n'kupempha okha nambala yanu limadzaza mizere yakutsogolo pa shoo, ndipo wokonza shoo amaiona mizere imeneyo.

Ndinalonjeza kubwerera kwa oyang'ana manambala aja, chifukwa mlanduwu si wa oyimba okha. Okonza mphoto omwe amasankha opikisana poyang'ana ma views, masamba a nkhani za zisangalalo omwe amalengeza aliyense wofika miliyoni osafunsa kuti wafika bwanji, ndi mabwana a zamalonda omwe amasankha kazembe poyerekeza manambala awiri pafoni, onsewa ndi omwe amapatsa ma stream abodza mtengo. Kufufuza sikovuta. Woyimba akabwera ndi nambala yake, mupempheni atsegule Spotify for Artists kapena YouTube Studio pamaso panu, osati chithunzi chotumiza, popeza zithunzi zimakonzedwa. Yang'anani mizinda isanu yapamwamba ngati ikugwirizana ndi chilankhulo cha nyimbozo. Yang'anani mzere wa miyezi 12 ngati ukukwera ndi kutsika pang'onopang'ono kapena ukudumpha tsiku limodzi n'kugwa tsiku lina. Yang'anani komwe ma stream akuchokera, ngati ndi kwa anthu ofufuza okha dzina lake ndi osunga nyimbo zake, kapena ndi playlist imodzi yomwe palibe akuidziwa. Zonsezi sizitha mphindi zisanu, ndipo woyimba wokana kutsegula foni yake mukhoza kumufunsa chifukwa chake musanasainirane kalikonse.